Magazi Osagwirizana

Ndinaganiza zopita ku Nampula tsiku limene Roza, mzime wathu, anamuika magazi kachiwiri. Ali ndi nthenda ya magazi yotchedwa sikoselo, ndipo ulendo uliwonse wa kuchipatala unkadya thumba la chimanga. Ndinakwera sitima pa Entre Lagos ndili kale ndi imvi, kukagwira ulonda pa sitolo ya matayala.

Kumeneko ndinkagona kuseri kwa sitoloyo, wolankhula naye Chinyanja kunalibe. Akazi anga, a Nasibeko, akaimba foni kuti mwana wayeranso m'zikhato, yankho langa linali limodzi: "Akamuike magazi, ndalama yokwerera shapa, minibasi ija, nditumiza." Ndinkawalamula kuti andisungire pepala lililonse la kuchipatala. Onsewo ndili nawo, zidindo zikuoneka bwinobwino, koma palibe ngakhale limodzi lochenjeza kuti thupi limasunga chakukhosi. Mpaka lero ndikadali wokwiya nazo.

Chaka chino ndinabwerera chifukwa Roza anagonekedwa, magazi omuyenera osapezeka. Ndinapinda malaya n'kupereka mkono. Kenako namwino anatipeza pakhonde pamene tinakhala ndi abale, nati: "Pepani bambo, magazi anu ndi a mwana sakugwirizana."

Alongo anga anatsokomola. "Nanga si tinkanena ife," anatero chapansipansi. Ine ndinatembenuka kuyang'ana a Nasibeko. Kamodzi kokha, koma anandiona.

Namwino atazindikira zimene tamva, anafotokoza. Munthu akalandira magazi a anthu ambiri, thupi lake limaphunzira kuzindikira tinthu tachilendo m'magazimo n'kupanga zolimbana nato. Mapeto ake limakana magazi ambiri, ngakhale a bambo womubereka. "Za mwini mwana sindinanene ine," anatero.

Magazi oyenera anabwera mochedwa kuchokera ku Cuamba, a munthu amene sitidzamudziwa. Roza anatsitsimuka n'kupempha usipa.

Pobwerera kumudzi, asodzi a kunyanja ya Chiuta ankaimika njinga kufunsa a Nasibeko za mwana. A Nasibeko ankangondiuza kuti awa anaperekako magazi, awanso anaperekako. Ine asodziwo ankandipatsa moni wa mlendo.

Titafika ndinayamba kuwabwerezera a Nasibeko zonse zimene namwino ananena, pang'onopang'ono, ngati kuti iwo panalibe.

"Ndinamva, bambo a Roza," anatero akuyalira mwana mphasa, osandiyang'ana. "Ine sindinkadikira namwino kuti andiuze."