Madzi a Apongozi

Kakitasi wanga woyamba ndinapatsidwa ku Area 2, m'sitolo ya zitsulo momwe ndinkagwira ntchito. Mkazi wa bwana wathu, mmwenye, anali ndi timiphika ta zomera zamingazi pazenera la kuseri. Tsiku lina anathyolako kamodzi, kozungulira ngati dzira la nkhanga, n'kundikulungira m'nyuzipepala. Anandilangiza kuti ndimubzale mumchenga, ndipo nyengo yozizira ndisamuthirire ngakhale dontho. Akamva ludzu mu Juni ndi Julayi, m'pamene amachita maluwa kunja kukatentha.

Tinkakhala ku Area 3, m'kanyumba ka lendi kuseri kwa nyumba yaikulu. Pakhonde ndinandandalika zitini za penti zoboola pansi. Mchenga ndinkakatapa kumtsinje wa Lilongwe Loweruka masana. Makakitasi anachuluka, ndipo ang'onoang'ono ankandipatsa timaluwa tachikasu chaka ndi chaka. Koma woyamba uja, ngakhale anakula kufika msinkhu wa dzungu, anali asanachitepo duwa. Chaka china ndinaona kuti wakhwima, ndipo ndinamuyembekezera.

Mu Juni apongozi anga aakazi anabwera kuchokera ku Mitundu. Mwendo unkawavuta, ndipo ankafunika kumaonekera kuchipatala pafupipafupi. Kwathu mkamwini sachezerana ndi apongozi ake. Moni ndinkawapatsa chapatali nditanjuta. Mawu ena onse ankadzera kwa mkazi wanga.

M'mawa wina ndikupita kuntchito ndinapeza zitini zonse zili chonyowa, pamwamba pali thovu la sopo. Apongozi anali atakhala pampasa, beseni lotsukira mbale lili pambali pawo, lopanda kanthu.

Madzulo ndinamuitanira mkazi wanga kuchipinda.

“Mukawauze amayi kuti mitengo ija sifuna madzi nyengo ino.”

“Ndikawauze kuti mtengo sufuna madzi? Munthu woti wakalambira kudimba?”

“Ikamwa imawola.”

“Abambo, kuyambira pamene anabwera, chowadzutsa pampasa n'chomwecho. Mukufuna azingokhala ngati katundu?”

Komabe anakawauza. Yankho ndinalimva ndekha, chifukwa khoma la nyumba ija linali lopyapyala ndipo apongozi sankadziwa kunong'ona.

“Uwauze amuna akowo kuti ngati akuopa bilu ya madzi, ine ndikuthira otsukira mbale. Chinthu chamoyo osachimana madzi.”

Anapitiriza kuthirira. Pofika Julayi awiri ang'onoang'ono anafewa kutsinde. Nditawakhudza ndi kamtengo anangophwanyika ngati tomato wowola. Wamkulu uja anayamba kuchita chikasu mbali imodzi. Ndinamuzula, ndinadula mizu yakuda ndi lezala, n'kumuyanika pamthunzi masiku angapo. Kenako ndinamubzala mumchenga wouma.

Pomubisa panalibe. M'nyumba munalibe dzuwa, ndipo pabwalo paliponse apongozi ankafikapo ndi ndodo yawo. Ndinabwereka makwerero kwa eni nyumba n'kumukweza padenga la bafa, ndinatsamiritsa chitini ndi njerwa kuti mphepo isachigwetse.

Loweruka lotsatira ndinapita ku Msika wa Tsoka kukagula matumba akale a ufa, ndipo pobwerera ndinagula mbewu ya mpiru ndi mbande za tomato. Ndinadzaza matumbawo ndi dothi losakaniza manyowa n'kuwaika pafupi ndi mpasa wawo. Ndinafesamo mpiru n'kuwokeramo tomato uja. M'mawa mwake beseni la apongozi linapita kumatumba. Makakitasi otsala pakhonde ankalandirabe kapu imodzi apo ndi apo, akaganiza kuti sindikuona.

Za wapadenga uja sanaiwale. Ankati akamuyang'ana amauza mwana wawo mokweza kuti, “Koma mtengo uwo unalakwanji kuti aupachike pamalata ngati chimanga cha mbewu?”

Mu Okutobala kutatentha, ndinakwera kukamuona. Panthiti pake panali patatuluka kanthu kaubweya wotuwa, ngati kamchira ka mbewa. Tsiku lililonse kankatalika. Ndinayamba kumupatsa madzi pang'ono, ndipo nditaona kuti katupa kunsonga ndinamutsitsa n'kumuika pakhonde.

Duwalo linatseguka Lamlungu m'mamawa. Linali loyera, m'mphepete mofiirira pang'ono, lalikulu kuposa chikhatho changa, litaima pakhosi lalitali. Fungo lake linali lozizira, losakuwa. Njuchi zinalipeza ine ndisanamalize tiyi. Tsiku limenelo kutchalitchi ndinapita mapemphero achiwiri, chifukwa ndinkadziwa kuti duwa lotere silifika madzulo.

Apongozi anatuluka ndi ndodo yawo. Ndinasuntha kukaima chapatali kuti adutse. Anawerama, analiyang'ana nthawi yaitali, kenako analinunkhiza. Anaitana mwana wawo amene anali kukhitchini.

“Limabala chipatso?”

“Akuti ayi, amayi.”

“Ndiwo?”

“Ayi.”

Anagwedeza mutu, koma sanachoke. Anakoka mpasa wawo kufika nawo pafupi ndi chitinicho.

“Uwauze amuna akowo kuti aone. Ndi madzi anga aja awa. Akanapanda kuupachika, bwenzi atatuluka anayi.”

Mkazi wanga anandiyang'ana, milomo ataifinya kuti asaseke. Ndinanjuta pomwe ndinaliripo.

“Muwauze amayi kuti ndathokoza.”

Pobwera kutchalitchi ndinapeza duwa litawerama, litayamba kufota. Apongozi anali pomwepo, ataliikira chitenje pamipando iwiri kuti likhale pamthunzi.

Mwendo utapepuka anabwerera ku Mitundu mvula yoyamba isanagwe, kuti akakonze munda. Ponyamuka anatumiza mwana wawo kudzandipempha kamwana kamodzi ka kakitasiyo. Ndinakakulunga m'nyuzipepala, ndipo ndinawapatsanso kathumba ka mchenga. Za kathiriridwe sindinatumize mawu. Ndinangoboola chitini chawo mabowo ambiri kuposa zanga zonse.