Layisensi ya kwathu inawoletsa kachewere wa amayi ku Limbe

Inu owerenga, ndine mnyamata wa kumapiri a Biriwiri ku Ntcheu, ndipo ndikuvomera poyera kuti ndinawoletsa zokolola zonse za amayi anga chifukwa cha mtima wapachala ndi kusafunsa. Palibe anandilodza, palibe anandibera. Ndinadzipweteka ndekha.

Sukulu ndinalekera Sitandade 7 nditayankhana ndi aphunzitsi, ndiye mukuona nokha kuti matenda angawa ndi akale. Bambo anatisiya ndili wamng'ono, choncho ndinalowa kudimba kukathandiza amayi kulima kachewere. Kwathu malonda savuta. Ukakumba umatsuka kachewereyo kuti awale, kumuunjika m'ndowa mpaka kusefukira, n'kukhala m'mbali mwa msewu kudikira magalimoto. Ine ndinafika potsegula kabenchi kanga, ndipo ndinakatenga layisensi ku khonsolo ya kwathu. Pepalalo linali ndi chidindo. Ndinalikutira m'pulasitiki ndipo ndinkayenda nalo m'thumba la malaya ngati satifiketi imene ndinalephera kupeza kusukulu.

Chaka chimenecho dimba linabereka modabwitsa. Nyumba ya amayi inali yaudzu, yodontha mbali ya kugonako, ndipo iwo ankafuna malata mvula isanagwe. Ndinawauza kuti tisagulitse kwa mavenda obwera kumunda, ine ndikagulitsa ndekha ku Limbe kumene mtengo ndi wabwino. Ndinawakakamiza kuti nditenge ngakhale kachewere amene anapatula kuti akhale mbewu. Alamu anga, amuna a achemwali, amene anayendapo m'matauni ndi kabichi, anandiletsa.

“Alamu, mwafunsa za kumeneko? Pepala lanulo ndi la kuno. Ndiponso kachewere waulendo satsuka, musiyeni ndi dothi lake.”

Ndinawayankha mwano, kuti boma ndi limodzi ndipo chidindo ndi chidindo. Ndinali nditapitako kamodzi ku Lilongwe, ndipo ndinaona anthu akugulitsa ali pamwamba pa lole kunja kwa mpanda wa msika. M'mutu mwanga tauni iliyonse inali choncho. Ndinatsuka matumba onse khumi ndi awiri, kuwasoka asanaume bwino, n'kukweza pa lole.

Tinafika ku Limbe dzuwa lili paliwombo, mwezi wa Okutobala. Inali nthawi imene mavenda anali atangochotsedwa m'misewu, koma ine za pawailesi sindinkasamala. Ndinatsitsa matumba pafupi ndi siteji ya minibasi, ndinamasula limodzi n'kuyamba kuitanira. Kachewere wanga ankawaladi, moti amayi awiri anaima n'kuyamba kusankha.

Kenako panabwera bambo wina wachikulire wovala yunifolomu ya khonsolo. Kunena zoona, sanabwere ndi ukali. Anandipatsa moni n'kundiuza kuti pamenepo sipololedwa kugulitsa. Ndinatulutsa layisensi yanga monyada. Anaiwerenga bwinobwino n'kundibwezera ndi manja awiri.

“Achimwene, pepalali ndi labwino, koma mphamvu yake inathera ku Ntcheu. Pezani wilibala, tilowetse katunduyu mumsika. Mukaonane ndi a komiti ya msika, mawa m'mawa mugulitsa mopikulitsa.”

Inu owerenga, munthuyu ankandionetsa njira. Koma ine ndinangomva zoti pepala langa ndi lachabechabe, pamaso pa amayi aja amene anayamba kusekerera. Mutu unatentha. Ndinamufunsa ngati Limbe ndi dziko lina lofuna pasipoti. Atagwira thumba limodzi kuti alisunthe, ndinamukankha pachifuwa, ndipo anagwera pa ndowa yanga n'kuchekeka pachigongono. Anzake anatulukira mbali zonse. Ine anandipititsa kupolisi, matumba anakawatsekera m'nyumba yosungira katundu wolandidwa.

Ndinakhala m'chitokosi masiku anayi. Amene anabwera kudzanditenga ndi alamu omwe ndinawanyoza aja. Anapita kukapepesa kwa bambo uja, ndipo iye anavomera kuti nkhani ithere pompo, akuti nayenso ali ndi mwana wamakani ngati ine. Atatitsegulira nyumba ya katundu ija, fungo ndi limene linayamba kutilonjera. Denga lamalata, dzuwa la Okutobala, kachewere wonyowa m'matumba osoka. Pansi panali madzi akuda. Tinasankha mpaka manja kuyabwa, koma wabwino sanadzaze ngakhale thumba limodzi. Akanakhala ndi dothi lake bwenzi ambiri atapulumuka. Alamu sanandikumbutse zimenezo, anangoti, “Nyamulani alamu, tizipita.”

Amayi sanakalipe. Anayang'ana thumbalo, anayang'ana denga, n'kupita kukatunga madzi. Bola akanandimenya. Mvula ya chaka chimenecho tinaitchera ndi mabeseni, ndipo mbewu ndinachita kukaigwirira ganyu m'minda ya anzanga amene ndinkawaseka kuti ndi amantha.

Mbewu ija itamera, ndinachita chinthu chimene ndinayenera kuyamba nacho. Ndinagula kope, ndipo lole ya kabichi wa alamu ikamapita m'tauni ndinkakwera nawo ngati wonyamula katundu. Tikafika ndinkapita ku ofesi ya msika, kuvula chipewa, n'kufunsa. Ndinafika ku Lilongwe, ku Zomba, ku Balaka, ndi ku Limbe komwe kuja. Mafunso anga anali omwewo. Mlendo wobwera ndi lole amatsitsira pati? Nthawi yanji? Amayamba waonana ndi ndani? Pamafunika pepala lanji?

Zimene ndinapeza zinandichititsa manyazi. Msika wina umangofuna tikiti ya tsiku basi. Wina sulola mlendo kugulitsa pa ndowa, ayenera kupikulitsa kwa eni mabenchi, ndipo dzuwa likakwera lole zonse zituluke. Kwina uyenera kulembetsa kaye dzina kwa a komiti. Kwinanso anandiuza kuti ndikafuna kukazinga tchipisi ndiyambe ndakayezetsa kuchipatala, chinthu chimene sindinachiganizirepo. Ngakhale zimene ndinaona ku Lilongwe zija sizinali zololedwa ayi, anthu aja ankangozemba. Ine ndinatengera chitsanzo kwa ozemba n'kuchiyesa lamulo. Zina mwa zimenezi mwina zasintha, paja makhonsolo amasintha zinthu, ndiye musadalire kope langa. Kafunseni nokha.

Ndinasankha Zomba, chifukwa kwa munthu wa matumba ochepa ngati ine njira yake inali yaifupi. Titakumba, ndinanyamula kachewere wosatsuka, mbewu ndinasiya kunyumba, ndipo ndinafika nthawi imene anandiuza. Pofika masana ndinali nditapinda matumba opanda kanthu. Maulendo atatu otere anakwanitsa malata. Tsiku lokhoma, amayi anakhala pampando panja tsiku lonse kuonerera akalipentala, osalola munthu kuwatuma kanthu.

Chaka chatha ndinabwereranso ku Limbe ndi katundu, ndipo ndinatsata ndondomeko yonse. Ndinamufunafuna bambo uja mpaka ndinamupeza pageti la msika. Ndinamupepesa ndekha, pakamwa panga, osati kudzera mwa alamu. Anandionetsa chipsera pachigongono n'kuseka.

“A Ntcheu, lero mwabwera ndi pasipoti?”

Ndinamuonetsa tikiti ya msika wawo womwewo.

Mtima wanga sunathe kutentha, ndisakunamizeni. Koma masiku ano ukayamba ndimakumbuka fungo lija. Anyamata anzanga a ku Mlangeni, ku Nzama ndi kwina konse amene mukufuna kutengera zokolola m'tauni, pitani kaye chimanjamanja mukafunse, katundu abwere pambuyo. Tauni iliyonse ili ndi malamulo ake, ndipo pepala la kwanu limagwira ntchito kwanu. Wa yunifolomu akakuimitsani mverani mpaka amalize, mwina akukuuzani kumene kuli khomo. Mbewu musamaigulitse, ngakhale mtengo ukome bwanji.

Layisensi ija ndikadali nayo. Amayi anaitsomeka kuphaso, pansi pa malata atsopano, akuti ikhale pamenepo chifukwa ndi pokhapo pamene singandipweteke.