Nyumba Yoima pa Mawindo

Ndinaganiza zopita ku Lusaka m'mawa umene apongozi anga aakazi anandipeza ndikuyanika mphasa ndi bulangete, mvula itatidonthera usiku wonse. Anangoyang'ana denga lathu n'kupitiriza ulendo wawo wa kudimba. Ine ndine mmisiri womanga nyumba, koma ndinkagona ndi mkazi wanga, amake Tadala, m'kanyumba kaudzu kuseri kwa nyumba ya makolo ake, m'mudzi wa kufupi ndi Ludzi. Mkamwini womangira anzake iye akugona modontha, anthu samuseka pamaso, koma kumuseka amamuseka.

Ndisanachoke ndinaumba njerwa, ndinawotcha uvuni, ndinakumba maziko n'kukweza khoma mpaka pa mawindo. Zotsalazo zinkafuna ndalama: simenti, matabwa, malata. Ndinadutsa pa boda ya Mchinji ndi chikwama chokhala ndi mpeni womangira, levulo yoongolera khoma, ndi kolona imene mkazi wanga anaponyamo mwakabisira. Ndinamuuza kuti chaka chimodzi chikwana. Chaka chimodzicho chinabala zinzake.

Ku Lusaka ntchito inalipo. Ndinkamanga mipanda italiitali ya anthu amene nkhope zawo sindinazionepo, ndipo ndinkachita lendi kachipinda m'komboni. Chimene sindinachizolowere ndi chitseko. Kwathu chitseko sichipuma, "odi" amayamba nkhuku zisanatsike. Kumeneko chitseko changa ankagogoda ndi mwini nyumba yekha, mwezi ukatha. Nditadwala malungo ndinagona masiku angapo ndikumva anthu akudutsa panja, akuseka, ndipo palibe amene anati kodi Mmalawi uja sakuonekatu. Lamulungu ndinkapita ku Misa. Nyimbo zina zinkafanana ndi za kwathu, koma popatsana moni wa mtendere munthu ankakugwira dzanja maso ali kwina. Ndinasungulumwa kwambiri, ndipo sindinauze aliyense.

Ndalama ndinkatumiza, zina pa foni, zina kudzera kwa dalaivala wa thiraki amene tinkadziwana. Koma nyumba sinkakwera. Mlamu wanga anavomera kupitiriza ntchito, tsiku loti ayambe kunagwa maliro. Ngolo imene tinapangana kuti itute mchenga inanyamula mayi woyembekezera kupita naye kuchipatala. Wilibala yanga inkagona nyumba ina lero, ina mawa. Kenako kunabwera kusoka fodya, ndipo amene analima fodya amadziwa kuti nthawi imeneyo ngakhale mlamu wako sakudziwa. Chimene chinandiwawa kwambiri ndi matabwa. Ndinagula matabwa abwino a zitseko, ndiye mwana wa a Zulu, oyandikana nafe, atamwalira, matabwawo anakhomera bokosi.

"Amake Tadala, kodi ine ndikugwirira ntchito mudzi wonse?" ndinafunsa pa foni.

"Nanga mwana akanapita m'mphasa matabwa ali pakhonde pathu?" anatero. "Ngakhale Ambuye Yesu anali pa ulendo wofulumira wa kwa Yairo, koma mayi uja atakhudza chovala chawo anaima."

"Ambuye Yesu analibe apongozi owayang'anira denga."

Iye anaseka, ine ayi. Ndinamuuza kuti ndikadzabwera ndidzamanga ndekha, ndipo kwa Mulungu ndikupempha chinthu chimodzi chokha, kuti anthu adzandisiye mpaka ndimalize. Ndinkapempheradi zimenezo, kolona ili m'manja, m'kachipinda momwe munalibe wondisokoneza.

Ndinabwerera m'chilimwe, malata ali pa thiraki. Khoma linali pomwe ndinalisiya. M'kati mwake, pamene ndinkati padzakhale pabalaza, akhristu a mphakati wathu anali atasanja njerwa zanga ngati mabenchi, chifukwa ankapemphereramo pakati pa sabata. Tadala, amene ndinamusiya akuyenda wopanda kabudula, anandipatsa moni atagwada ngati kwa mlendo. Kutacha ndinapeza mabenchi aja aphwasulidwa, njerwa zaunjikidwa bwinobwino, ine ndisanalankhule kanthu.

Ndinayamba kumanga, ndipo ntchito inayenda ngati sikumudzi. Palibe amene anabwera kudzabwereka fosholo. Anthu ankadutsa chapatali, kuwomba m'manja, n'kuti, "Muli pa ntchito, pitirizani." Ofuna mchere kapena moto ankaitana mkazi wanga chapansipansi ataima kunjira. Khoma linadutsa mawindo, linta inathiridwa. Masiku oyamba ndinkayamika Mulungu. Koma madzulo ndikakhala pa mulu wa mchenga, ndikumva amuna akuseka pa bawo kuseri kwa nyumba zina, mtima unkandiwawa mofanana ndendende ndi m'komboni muja.

Ndinafunsa mkazi wanga ngati ndinalakwira munthu.

"Ayi, abambo a Tadala," anatero. "Ndinakapempha ku mphakati. A tcheyamani analengeza kuti mukabwera munthu asakuvutitseni mpaka denga litakwera. Si zimene munkapempha kwa Mulungu?"

Ananena akumwetulira, ngati munthu amene wakusungira ndiwo. Mudzi wonse unali ukundilemekeza, ndipo pemphero langa linali litayankhidwa popanda chotsalira.

Mitambo inali itayamba kusonkhana cha ku Zambia. Kunatsala kumaliza khoma la m'mwamba kuti mitengo ya denga ikhalepo. M'mawa wina ndinasakaniza thumba lomaliza la simenti, ndinakwera pamwamba, ndipo ndisanaike njerwa yachitatu ndinamva kulira kumunsi kwa mudzi. A Zulu aakulu, agogo a mwana uja, anali atatisiya. Posakhalitsa amuna anatulukira ndi makasu ndi mapiki pa mapewa, kulowera kumanda. Njira yake imadutsa pansi penipeni pa khoma langa. Mmodzi anayang'ana m'mwamba, maso athu anakumana, ndipo anawerama n'kupitirira. Kukumba manda mkamwini sachita kuuzidwa kawiri, kale ankangondiponyera liwu ali pa ulendo. Tsiku limenelo palibe amene anandiitana.

Ndinayang'ana simenti ija. Simenti yosakaniza siyembekezera maliro, ndipo ndalama yogulira ina ndinalibe. Ndinadziwa kuti ndikatsika, mvula ya chaka chimenecho itipezanso m'kanyumba kaudzu, ndipo inatipezadi. Ndinatsika, ndinatsuka fosholo, n'kuwatsatira.

Atandiona kumanda, onse anasiya kukumba. A Mbewe, bambo wachikulire amene anali m'dzenje mpaka m'chiuno, anapukuta thukuta n'kutambasula dzanja kuti ndiwakoke. Munthu ameneyu ankadutsa pa nyumba yanga tsiku lililonse chibwerereni, kundiwombera m'manja ali patali. Atatuluka sanandisiye dzanja msanga.

"A Phiri," anatero, "mwafika liti kuchokera ku Lusaka?"

"Lero," ndinayankha, n'kulowa m'dzenjemo.