Njira ya Miyala ya Laimu

Amene anasuntha miyala ija ndine. Ndanena poyambirira kuti anthu asiye kuloza ana a Sitandade 8. Ndipo atandibwereka wilibala lero, ndikhoza kuisunthanso.

Ntchito ndinaipeza chifukwa cha mbuzi. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinalibe chochita pamudzi, ndiye tsiku lina ndinamangirira tonde wa akatekisi ku chingwe cha belu la tchalitchi. Belu linalira mosaduka, amayi ena n'kuyamba kulira asanamve n'komwe kuti wamwalira ndani. Atsibweni anga, amene ali mu komiti ya sukulu ya pulayimale ya kwathu, cha ku Makhanga, anandigwira khutu.

"Mphamvu zakuchulukira iwe Joakimu. Ukathandize aphunzitsi, ana akakuwete."

Basi ndinakhala mphunzitsi wothandizira, wa mtundu uja wolembedwa ndi komiti. Anandipereka kwa Madamu Zuze a Sitandade 2.

Kalasi yathu inali pansi pa mtengo wa nimu. Bolodi linali thabwa lotsamira pa thunthu, ndipo likayera ndinkalidetsa ndi makala a m'mabatire akutha osakaniza ndi masamba a mbatata osinja. Choko ankatipatsa ku ofesi m'mawa, timitengo tiwiri, ndipo madzulo unkabweza zotsala. Chofufutira chinali chigamba cha bulangeti. Belu la sukulu linali limu ya galimoto yopachika pa nthambi. Ana sindinawawerengepo bwinobwino, koma kuitana mayina kokha kunkadya phunziro loyamba lonse. Mthunzi ukasuntha, kalasi inkasuntha nawo, ine n'kusenza bolodi kumbuyo kwawo. Amene akudziwa dzuwa la kwathu kuno mu Okutobala akudziwa chimene ndikunena: mchenga umaotcha ngakhale uli mu silipasi, ndipo mphepo ikabwera imabwera ndi fumbi, n'kutenga mawu a mphunzitsi kupita nawo ku Shire.

Kuti mwana wakumbuyo amve, Madamu ankakuwa kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Nditafika ine mawu awo anali atasasa kale. Kuchipatala anawauza kuti apumitse mmero, apo ayi mawuwo adzapitiratu. Koma mphunzitsi wa ana aang'ono apumitsa bwanji mmero?

Madamu ankagona m'kachipinda kosungiramo mabuku, kuseri kwa buloko ya makalasi. Nyumba za aphunzitsi zinapita ndi madzi osefukira, zimbudzi nazonso. M'kachipindamo mzere wa matope unkaonekabe pakhoma, kulekeza m'chifuwa mwanga. Theka la malata linauluka, pamalo pake anayalapo lona wobooka. Ana awo awiri anawasiya kwa agogo awo ku Ngabu chifukwa panalibe powagoneka. Zimene ankapempha zinali zitatu basi: malata, kuti kalasi igawidwe pawiri, ndi masiku opuma kuti mmero upole. Ankati zikapanda kutheka asiya ntchito, ngakhale ntchitoyo ankaikonda kuposa mmene ine ndimakondera kuvuta.

Ahedi athu, a Alufandika, sanali munthu wankhanza. Anali munthu wamantha. Anapita ku maphunziro ena ku boma n'kubwerako ndi tisheti komanso mawu akuti, "Mphunzitsi wachimwemwe, mwana wachimwemwe." Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse belu lisanalire, aphunzitsi tinkaima mozungulira, aliyense n'kutchula chinthu chimodzi chabwino cha pasukulupo. Wodandaula ankapatsidwa m'manja mwa mvula. Kwa amene simukudziwa: mumayamba kuwomba ndi chala chimodzi pa chikhatho, kenako ziwiri, kenako zitatu, mpaka manja onse, kuti phokoso likhale ngati mvula yoyamba pang'onopang'ono n'kugwa yamphamvu. Kwina mwina n'zosangalatsa. Kwathu kuno phokoso limenelo timalimva tili pamwamba pa chulu ndi mbuzi m'manja.

Tsiku lina Madamu ananong'ona kuti, "Ahedi, usiku wonse ndakhosomola, fumbi likulowa pa lona."

"Koma mwadzuka, Madamu. Ena sanadzuke. Tiyeni tiwalimbikitse anzathu. Chala chimodzi!"

Tinawomba. Inenso ndinawomba, mokokomeza dala mpaka zikhatho kuwawa, koma palibe anazindikira kuti ndikuseka ahedi. Madamu anangoyang'ana pansi.

Kenako kunabwera uthenga woti Lachinayi kubwera alendo a bungwe lina lothandiza masukulu, limodzi ndi mlangizi wa m'zoni yathu. Kukonzekera alendo kuli ndi dongosolo lake. Madesiki onse amoyo anasonkhanitsidwa m'chipinda chimodzi chokhala ndi denga lathunthu. Anasankha ana ovala yunifolomu yosang'ambika, ena onse n'kuuzidwa kuti akhale oyimba. Matchati akale anawachotsa fumbi n'kuwamata ndi phala la chinangwa.

Madamu anapempha kuti awapatse mphindi zochepa ndi alendowo.

"Nkhabe, sizitheka," anatero ahedi. "Alendo amathandiza sukulu yoonetsa chiyembekezo. Akaona nkhope zokwinya amapita kwina, ndipo amene amafunsidwa ku ofesi ndine. Inu mupume m'chipinda mwanu, mutseke chitseko. Si kupuma kumene mumapempha?"

Ine anandipatsa miyala. Sukulu iliyonse yolandira alendo imandanditsa miyala mbali zonse za njira n'kuipaka laimu, kuti mlendo asasochere. Kunena zoona, kuti asaone zimene sanaitanidwire. Lachitatu ndinasungunula laimu mu ndowa, kuthiramo mchere pang'ono kuti agwire, n'kupaka ndi burashi ya khonje mwala uliwonse kuyambira pamsewu mpaka pakhomo la chipinda chabwino chija. Ana oyimba anauzidwa chinthu chimodzi chokha: "Muime motsatira miyala, musasiye mpata."

Lachinayi m'mawa ahedi anakwera njinga kukachingamira alendo kumsewu waukulu. Aphunzitsi ena anali otanganidwa ndi kuphika ndi kupesa ana osankhidwa aja. Ndinatenga wilibala. Sindinasunthe miyala yonse ayi, ndine waulesi. Ndinangoyambira pakati, n'kuikhotetsa bwinobwino, mokongola, kuzungulira buloko, kudutsa pa maenje a zimbudzi zogwa, kukathera pa chitseko cha Madamu. Ndinasesa pomwe panali njira yakale kuti pasaoneke mabala. Ana atabwera anachita zimene anauzidwa. Anaima motsatira miyala, osasiya mpata.

Galimoto inafika dzuwa litakwera. Munatuluka mayi wina wa magalasi, amene anali mtsogoleri, mnyamata wa kamera, mlangizi, ndi ahedi, amene anasiya njinga yawo kumsewu. Nyimbo inayamba. Mayi uja anali patsogolo, akuvina pang'ono, akuyenda pakati pa mizere iwiri ya ana. Pamene njira inakhota, naye anakhota. Ndinaona ahedi akuima, pakamwa pali yasa, akuloza kumanzere, koma ng'oma inali pamwamba ndipo mzere wa ana unali ngati mpanda. Anandifunafuna ndi maso. Ine ndinali kuwomba m'manja, ndikumwetulira mmene anatiphunzitsira.

Mpaka pamenepo ndinali wosangalala kuposa tsiku la tonde. Mumtima ndinkati lero zatheka. Akaona okha.

Anaona. Mayi uja anagogoda, chitseko n'kutseguka chokha chifukwa chinalibe loko. Madamu anali pamphasa, nsalu yonyowa pakhosi, mulu wa makope a ana pamiyendo, akuchonga ndi bolopeni yofiira. Dzuwa linkalowa pa mabowo a lona n'kuwagwera kumaso. Nyimbo inazima. Ndinamva ntchentche.

Mayi uja anayang'ana denga, anayang'ana mzere wa matope, anagwira pachifuwa.

"Aa! Tawonani, anzanga. Tawonani mtima uwu! Mayi akudwala, denga palibe, koma akuchongabe makope. Ngwazi zenizeni ndi izi. Jambula, jambula apa."

Madamu anayesa kulankhula. Panangotuluka mpweya. Ndinadzikankha kutsogolo.

"Mayi, akupempha malata. Ndiponso kalasi yawo igawidwe. Mawu awathera chifukwa chokuwa pansi pa mtengo."

"Zimenezo tikazifikitsa, mwana wanga," anatero osandiyang'ana. "Koma malata amagulidwa. Mtima ngati uwu sugulidwa. Madamu, mwetulirani pang'ono, aphunzitsi ena akaone kuti zimatheka."

Ahedi, amene anali atatuwa ngati miyala yanga, magazi anabwerera kumaso. "Umenewu ndiye mzimu wa sukulu yathu, mayi. Ana inu, chala chimodzi!"

Mvula ija inagwa pakhomo pa Madamu, ana onse a pasukulupo, ng'oma n'kulowererapo. Madamu anamwetulira. Sindidzaiwala kumwetulira kumeneko. Ndinaonapo nsomba zikumwetulira choncho pa thandala. Alendo anawasiyira tisheti ndi chipewa, anapita kukadya mpunga ndi nkhuku m'chipinda chabwino chija, ndipo chisanafike chakumadzulo fumbi la galimoto yawo linali litatha.

Ine ndinkaganiza kuti vuto linali lakuti akuluakulu saona. Ayi, amaona bwinobwino. Kungoti kuyamika n'kopepuka kunyamula kusiyana ndi malata. Mphunzitsi safuna zambiri: denga, chimbudzi, kalasi yoti akalankhula amveke, ndi ufulu wonena kuti zandivuta popanda wina kumuwombera m'manja. Mukamutcha ngwazi mwamutsekera pakamwa, chifukwa ngwazi sipempha chimbudzi. Chimenecho ndicho ndinatola pa ntchito yanga yoyamba, ndipo sindinachitaye.

Komiti inakhala Lolemba. Anandichotsa ntchito, koma atsibweni anati sindichoka ulere. Anandipatsa chilango cha ana asukulu: kuzula chitsa cha msangu chimene chinali pafupi ndi msewu. Anandipatsa khasu, nkhwangwa yobuntha ndi chitsulo chokumbira. Chitsa cha msangu chili ndi muzu umodzi wopita kwa makolo, ndiye sindinafulumire. Ndinkakumba pang'ono, dzenje likazama n'kulowamo kugona mumthunzi wake. Ana ankandiponyera masau popita kwawo.

Ndili m'dzenjemo m'mawa wina ndinamva mabelu a njinga. Zinali kabaza ziwiri. Pa yoyamba panali Madamu, pa yachiwiri matiresi opinda, ndowa ndi chikwama. Anauza wakabaza kuti aime. Ndinatuluka, dothi mpaka m'makutu.

"Madamu, ulendo?"

Anandikodola kuti ndiyandikire, poti mawu awo sankafikanso patali kuposa mkono.

"Ku Ngabu, kwa ana anga. Sindibweranso."

"Ndalakwa ine, Madamu?"

"Iwe ndiwe wopulupudza basi," ananong'ona. "Koma takhuta, zikomo. Ndikanadikira alendo mpaka kukalamba."

Anandipatsa chipewa chija, n'kumenya wakabaza paphewa. Ana awo a Sitandade 2 anawaphatikiza ndi a Sitandade 3 pansi pa mtengo wina, kwa mphunzitsi amene nayenso wayamba kusasa mawu. Ambiri anasiya kubwera. Ndimakumana nawo kudambo ali ndi mbedza.

Chitsa chinagwa Loweruka. Atsibweni anabwera kudzaona, manja kumbuyo.

"Walapa tsopano, Joakimu?"

"Ndalapa, atsibweni. Ndinayenera kuthira mchere wambiri mu laimu muja, miyala ina yayamba kale kusuluka."

Anandiponyera silipasi. Ndinazinda, iyo n'kukagwera m'dzenje, ndipo ndinawasiya akuganiza za mmene angatsikiremo.