Tsiku Limene Ndinabereka Jekete

Ine, nkhalamba yaimvi, ndinaberekapo jekete kumbuyo, ndipo manyazi ake sanandichokebe.

Ukwati wa mwana wanga utatha, mpongozi anandiletsa kuonana ndi mdzukulu wanga Tadala. Kutchalitchi anzanga ananditsina khutu kuti Loweruka aneba awo amapita ndi mwanayo kunyumba ya masewera a ana ku Maryhill, kuno kwa azungu. Nditafika, mayi wapakhomo anandilozera chikwangwani. Poti sukulu sindinapondeko, ndinangochiyang'ana kukamwa yasa, mpaka anandifotokozera kuti wamkulu wopanda mwana salowa.

Sabata yotsatira ndinapinda jekete, n'kuliveka kachipewa, n'kulibereka m'chitenje. Pakhomo ndinkachita kudzigwedeza ngati ndikutonthoza khanda. Mayi uja ananditsegulira mwakachetechete kuti lisadzuke.

Tadala atandiona anabwera chothamanga, koma anaima chapatali, maso ali pamsana panga.

"Agogo," anatero m'Chingerezi chake cham'mphuno chija, "mwapeza mwana wina?"

Mayi wapakhomo anali pomwepo, akumva. Ndikanamasula chitenje akananditulutsa. Abale anga, ndinavomera ndi mutu.

Mwanayo sanalire. Anangotembenuka n'kubwerera kwa anzake, osacheukanso. Ine ndinakhala pabenchi mpaka nthawi yotseka, ndikusisita jekete.