Akakolo a Msuweni Wanga

Ku koleji ndinakhalako zaka ziwiri, kenako mayeso ndi ine tinasiyana maganizo. Popeza inali nthawi ya matipate, pamene aliyense anali ndi ufulu woganiza zake, sindinakakamire. Ndinanyamula sutikesi n'kubwerera kwathu kufupi ndi Chongoni, kumene anandilandira ndi dzina lakuti Apulofesa. Dzinali silinkandipweteka kwenikweni, pokhapokha likatuluka pakamwa pa msuweni wanga.

Msuweni wangayo anali mwana wa amalume, wa m'mudzi wa kutsidya kwa dambo, wamtali moti mapichesi ankathyola osakwera mumtengo. Mwa chisuweni chathu ankanditcha mwamuna wake, ine n'kumamutcha mkazi wanga. Midzi yonse iwiri inkadziwa kuti ndi nthabwala chabe. Amene uthengawo sunam'fike bwino ndinali ine.

Iye ankasewera mpira wa ntchemberembaye, ndipo chaka chimenecho kampani ina ya ku Blantyre inamuitana kuti akayesedwe m'timu yake nyengo yozizira ikamatha. Wosankhidwa ankapatsidwanso ntchito. Choncho tsogolo lake lonse linali pa akakolo awiri. Akakhala abwino, apita. Akabinya, atsala kuno kulima kachewere ngati tonsefe. Ine ndinkamufunira zabwino, monga mmene munthu amafunira zabwino basi imene ikumusiya.

Tsiku lina la msika tinapita limodzi pa Mayani. Panali bambo wina wachisilamu wogulitsa kaunjika, munthu woseka ndi maso okha, amene atandiona anakweza dzanja.

"Apulofesa, tabwerani mudzandithandize. Izi ndayenda nazo misika yonse, palibe akuzifuna. Sukulu yanu ija ikuti chiyani?"

Anatulutsa jombo ziwiri zazikulu, zolimba, zofika m'katumba. Kunsi kwake kunalibe chopondera. Kunali chimbale chosalala chokhala ndi mabowo a mabawuti.

"Wina anaziyesa pa Lobi," anatero bamboyo. "Anayenda ngati bakha, n'kugwera mu tomato wa eni."

Ndinazitembenuza mwaulemu wonse wa munthu amene anaphunzirapo za makina, koma sindinapeze yankho. Analipeza ndi msuweni wanga, amene ankafukula mulu wa malaya pambalipa. Anatambasula sikipa yokhala ndi chithunzi: munthu ataima pathabwa pamwamba pa madzi, akukokedwa ndi kaiti yaikulu, mapazi ake ali m'jombo zomangiriridwa kuthabwalo.

"Amuna anga, nazi nsapato zanu. Si zoyendera, n'zouluka nazo."

Anagula sikipayo, ndipo bambo uja anatiikira jombozo ngati basela. "Tengani inu," anandiuza. "Pamsika ponse pano amene ali ndi nthawi ndinu."

Madzi oyendapo thabwa kwathu kulibe. Koma mphepo tili nayo yoti n'kugawirako maboma ena. Mwera ukayamba umadula makutu, umakupiza malata, umasandutsa mayi aliyense wolondera ufa wake. Ndinaona kuti chimene chikusowa ndi matayala basi. Ndinapeza thabwa la paini, n'kuyenda m'midzi kupempha matayala a mawilibala akufa. Kaiti ndinaipanga ndi nsungwi komanso zitenje za zipani za chisankho choyamba, zimene amayi ndi anzawo anali atayamba kuvundikirira madengu. Atelala anazilumikiza osafunsa kuti nkhope iyi imagwirizana ndi iyo kapena ayi. Zingwe ziwiri za nayiloni ndinazimanga ku mpini wa khasu. Atsogoleri amene pansi pano sankapatsana moni anakwera kumwamba atagundana mapewa, ndipo anakoka bwino ndithu.

Woyamba kukwera ndinali ine, pabwalo la mpira la kusukulu, jombo nditazimanga ndi mabawuti monga pachithunzi paja. Ndinene zoona, jombo n'zokoma. Thabwa limakumvera. Ukapendeka limapendeka, ukadumpha kadzenje limadumpha nawe, umamva ngati unabadwa nalo. Vuto lake ndi lomwelo. Mphepo itandikoka cham'mbali ndinagwa, ndipo thabwa, pokhala lokhulupirika, linagwa nane. Thupi linapita kumadzulo, mapazi anatsala akuyang'ana kummawa. Bondo linatupa ngati dzungu, ndipo kutchalitchi ndinakhala ndikugwada ndi mwendo umodzi mpaka anthu anayamba kundikayikira chikhulupiriro.

Ndili chikhalire pakhonde ndi bondo langalo ndinaganizira za nkhwayira, nsapato zija amadula ku tayala lakutha. Phazi limalowa, likafuna limatuluka. Ndinadula malamba awiri a tayala, koma sindinawakhome. Ndinawasunga pafupi.

Msuweni wanga anabwera kutatsala pang'ono kuti anyamuke, atavala sikipa ija pamwamba pa chitenje.

"Amuna anga, ndabwera kudzakwera ndege yanu. Sindingapite ku Blantyre osaiyesa."

"Ukwera, koma pa malamba."

"Malamba ati? Ine ndikufuna zenizeni, za pachifuwa panga pano. Mukufuna ndiuluke nditavala nkhwayira ngati ndikupita kuchigayo?"

"Jombo sizimasiya munthu."

"N'chifukwa chake ndikuzifuna. Inu munagwa chifukwa miyendo yanu ndi ya m'kalasi. Nayonso m'kalasimo inagwa."

Amalume anali atabwera naye, akukankha njinga yawo. Anayang'ana thabwa, anayang'ana kaiti, kenako anandiyang'ana ine mmene ankandiyang'anira chibwerereni ku koleji.

"Mphwanga, ndikuuze pamaso pa amayi ako. Uyu sindingamuletse, anatengera kwawo kwa amayi ake. Koma ukamuthyola mwendo, ukhala naye ndiwe. Udzamulimira mpaka udzafe."

Pa moyo wanga ndaopsezedwapo ndi aphunzitsi, makondakitala ndi galu wa kumishoni, koma chiopsezo chokoma ngati chimenecho sindinachimvepo. M'maganizo ndinaona nyumba ya njerwa zowotcha kutsidya kwa dambo. Ndinaona ine ndikubwera kumunda, iye ali pakhonde mwendo atautambasula, akundinena kuti mizere yanga ndi yokhota. Chilangocho ndinachilingalira nthawi yonse imene ndinkamasula mabawuti. Atatha mabawuti, ndinaika jombo pambali n'kutenga malamba.

"Mwamuna wankhanza," anatero msuweni wanga. "Ndikakafika ku Blantyre ndikakusiyani ukwati."

"Ponda apa."

Anaponda pathabwa wopanda nsapato, ine n'kugwada ndi bondo langa labwino lija. Lamba wotere sakhomedwa mwachisawawa. Akathina, ndiye jombo yomweyo. Akakhwepa kwambiri, thabwa limakuthawa pa kabampu kalikonse. Ayenera kugwira pamwamba pa phazi, zala zitatulukira kutsogolo, chidendene chili pamtunda. Ndipo onse awiri akhale ofanana, chifukwa choopsa kuposa zonse ndi phazi limodzi kutuluka linzake n'kutsalira. Zimenezi ndinamufotokozera ndi mawu a m'kalasi, pang'onopang'ono, chifukwa nthawi yonseyo phazi lake linali m'manja mwanga. Linali lozizira, lolimba kunsi, ndi kachipsera ka chitsa pafupi ndi chala chachikulu. Ndinamuuza kuti alowetse ndi kutulutsa, alowetsenso ndi kutulutsanso. Muyeso unali utakwana kalekale. Ndinayezabe, poti ntchito yabwino safulumira nayo.

"Apulofesa, phazi ndi lomwelo, silikukula."

Tinapita kubwalo dzuwa litapendeka, mwera uli pachimake. Ndinamupatsa lamulo limodzi: zikavuta, taya mpini. Anavomera ndi mutu mmene amavomerera munthu amene sanamve. Amalume anagwirizira kaiti, akuyang'ana kumbali kuti asaonane maso ndi mtsogoleri amene sanamuvotere. Atangoisiya, zitenje zinafufuma, zingwe zinalira, thabwa linanyamuka.

Sindinaonepo munthu akuyenda choncho. Anapinda mawondo, anatsamira kumbuyo, duku linachoka n'kupita kwawo lokha. Anadutsa pakati pa bwalo akukuwa, osati kukuwa kwa mantha, koma kuja amakuwa atsikana mpira ukalowa. Anadutsa magolo a kumunsi. Kuseri kwa magolowo bwalo limatha, n'kuyamba munda wa kachewere wa aphunzitsi aakulu, mizere yake yopingasa.

"Taya mpini!" ndinakuwa. "Mkazi wanga, taya!"

Sanataye. Matayala akutsogolo anamenya mzere woyamba, thabwa linaima nji, n'kudzuka chakumbuyo ngati bulu wokana katundu. Mapazi onse awiri anasolokamo nthawi imodzi. Iye anapitirira yekha m'malere, mpini uli m'manja, kenako anausiya, anatera ndi mapazi, anathamanga pang'ono modumpha mizere, n'kugubuduka m'masamba a mbatata. Kumbuyo kwake thabwa linatembenuzika kawiri, chitsulo cha matayala n'kuthyoka. Ndinachiyang'ana chitsulocho. Chinali chonenepa kuposa fupa la mwendo wa munthu.

Ndinafika ndikutsimphina, amalume atandipitirira ndi njinga. Tinamupeza atakhala pamzere, dothi lili m'tsitsi, akuseka mpaka misozi. Anakweza mwendo umodzi n'kuzunguza phazi. Anakweza winawo n'kuzunguzanso.

"Zonse zilipo, amuna anga. Mwalephera kundisunga."

"Ndaona," ndinatero.

Kaiti inakakodwa pamwamba pa mtengo wa paini kuseri kwa sukulu. Atsogoleri anakhala m'mwambamo mpaka mvula yoyamba, akuyang'ana mudzi umene sanaufikepo.

Ku Blantyre kuja anamusankha. Uthenga unabwera ndi amalume, amene anaima pabwalo pathu osatsika panjinga, n'kunena kuti mwana uja akuti amulembanso ntchito yoyankha mafoni. Amayi analulutira. Inenso ndinaomba m'manja, ndipo ndikukhulupirira kuti ndinaomba mokwanira.

Msika wotsatira bambo wa kaunjika uja anandifunsa ngati nsapato zinauluka.

"Nsapato sizinauluke," ndinamuyankha. "Anauluka ndi munthu."

Anandiyang'ana ndi maso ake oseka aja, koma ulendo uno sanaseke. Anandipatsa mpando, tinakhala pamodzi tikuonera anthu akufukula milu.

Thabwa lija amayi analisandutsa benchi, malamba ali pomwepo, moti alendo ankafunsa ngati ndi zogwirira ponyamula. Ndinkati inde. Jombo zinapita kukhitchini, ndipo nkhuku ina inaona kuti ya kumanzere ndi malo abwino oikira mazira. Mibadwo ingapo ya nkhuku za kwathu inatuluka m'menemo, zonse zoyenda bwino.

Msuweni wanga amabwera pa maliro ndi pa maukwati. Anakwatiwa ndi munthu waulemu, wa ku Blantyre komweko, amene sadziwa za chisuweni, choncho pamaso pake amanditcha achimwene. Mpira anasiya kalekale, thupi linabwera, koma akamatsika galimoto ine ndimayang'ana pansi. Anthu amayesa ndi ulemu. Ndimakhala ndikuona mmene akupondera. Satsimphina ngakhale pang'ono. Amadumpha ngalande ya pamsewu wathu ngati palibe kanthu, ndipo ndimamva kunyada kwa mmisiri amene ntchito yake inalimba.

Ulendo wina, mwera ukuomba pamanda mpaka nyimbo kumabwerera m'kamwa, anapezeka waima pafupi nane. Anakoka chitenje pamapewa, osandiyang'ana, n'kunena chapansipansi:

"Amuna anga, mphepo iyi ikungowonongeka."

Ndinafuna kumuuza kuti jombo zikadalipo, ndi mabawuti ake omwe, ndinawasunga m'chitini. Koma nyimbo inayambanso, ndipo iye anapita kukaima kwa azimayi, akuponda bwinobwino pakati pa mitumbira.