Ndege Zimene Nkhuku Zanga Zinamva

Linali Lachitatu loyamba la Okutobala, nthawi ili 10 koloko m'mawa, pamene anagogoda pageti panga ku Mtendere. Ndinali nditangothira madzi m'zomwera za nkhuku. Anali amuna awiri ovala zovala wamba, ndipo galimoto yawo inalibe nambala.

"Ba mudala, tengani buku yanu ija," anatero mmodzi. "Ni mafunso chabe, muzabwela manje manje."

Ndinatseka khola ndi loko, kiyi n'kuika m'thumba. Madzi amene ndinasiya anali a tsiku limodzi.

Ndifotokoze za bukulo. Chimwalirireni mkazi wanga ndimakhala ndekha, ndipo ndimaweta nkhuku zoyera zanyama, mazana awiri ulendo umodzi. Nkhuku zimenezi n'zamantha. Zikamva phokoso lalikulu zimathamangira pakona imodzi n'kusanjikizana, zapansi n'kufa posowa mpweya. Nyumba yanga ili pansi pa njira ya ndege zopita kubwalo la asilikali, lija limene aliyense amalidziwa koma palibe amalitchula m'minibasi. Tsiku lina ndinataya nkhuku khumi ndi zinayi ndili kumsika. Ndinagula kope la ana asukulu n'kuyamba kulembamo tsiku, nthawi, mbali imene ndege yachokera, komanso ngati ikutera kapena ikunyamuka. Patatha miyezi itatu ndinkadziwa nthawi yoyenera kukhala m'khola, ndikuimba mluzu ndi kuzibalalitsa ndi tsache. Kopelo ndinaonetsapo anzanga oweta nkhuku kumene timagula chakudya chake. Sindidziwa amene anakandinenera, ndipo ndinasiya kufufuza.

Amuna aja atanditenga, anakandiika ndekha m'chipinda chokhala ndi kazenera m'mwamba. Anandilanda lamba, nsapato ndi kiyi wa khola.

Lachinayi m'mawa ananditengera kwa mkulu wina wa magalasi, wa msinkhu wanga. Kope langa linali patebulo pake. Ankalankhula mwaulemu.

"Mumalemba mwaukhondo, bambo. Anakutumani ndani?"

Ndinamufotokozera za nkhuku, kuyambira pa khumi ndi zinayi zija. Msilikali amene anaima pakhomo anaseka.

"Bwana, izi nkhuku za ba mudala tizilembe nchito. Zimvela kupambana ise."

Mkuluyo sanaseke. Anatseka kope n'kuikapo dzanja.

"Msewu wa ndege uja unatsekedwa chaka chatha. Palibe ndege imatera pamenepo. Inu mwalemba kuti zimatera sabata iliyonse. Ndiye kuti pakati pa inu ndi ife pali wina akunama."

Anandikankhira pepala lotayipa kale. Linkanena kuti zonse za m'kope ndinazipeka, ndipo sindinamvepo ndege pamwamba pa nyumba yanga.

"Sainani, mukamwetse nkhuku zanu."

Ndinakana. Bambo anga ku Katete anali mkulu wa mpingo, ndipo anandiphunzitsa kuti dzina la munthu siliikidwa pansi pa bodza. Ndinkaganizanso kuti akapita kukaona khola amvetsa. Ndinangopempha kuti kiyi apititse kwa mayi woyandikana nane, wogulitsa makala.

"Kiyi ni umboni," anatero wapakhomo uja.

Zimene zinachitika Lachisanu masana sindilemba zonse. Anali atatu. Khutu langa lakumanzere silimva bwino mpaka lero.

Pambuyo pake palibe anandifunsanso kanthu. Ankangondisiya. Kutentha kwa Okutobala kunkatsika kuchokera m'malata, ndipo akandipatsa kapu ya madzi ndinkayamba ndaiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkadziwa mmene nkhuku yaludzu imachitira: imayasamula kukamwa, imatambasula mapiko, kenako imakhala pansi osadzukanso. Ndinkawerenga maola, osati anga ayi.

Kumeneko ndege zinkamveka kuposa kwathu. Loweruka m'mawa ina inanyamuka mpaka fumbi kugwa kukhoma, msilikali uja akundipatsa tiyi.

"Mwamvako chani, ba mudala?"

"Palibe."

"Ehe. Mwayamba kuchenjela."

Lolemba cha m'ma 9 koloko ndinapempha pepala lija. Ndinaliwerenga lonse kawiri, monga ndimachitira ndi pepala lililonse, kenako ndinasaina. Mkulu wa magalasi anandithokoza. Lamba, nsapato ndi kiyi anandibwezera. Kope sanandibwezere.

Ananditsitsa pamsewu waukulu, kotsalako ndinayenda wapansi. Fungo linandichingamira ndisanafike pageti. Mayi wa makala anatuluka, osandiyang'ana kumaso.

"Ba neba, tinayopa kuthyola loko. Bantu benze kukamba ati nyumba yanu baiyanganila. Nenze chabe kuponya manzi pa waya na botolo, ngati palibe opita mu mseu."

Nkhuku zamoyo zinali khumi ndi zisanu ndi ziwiri, zonse za m'mbali mwa waya. Zinazo ndinakwirira ndekha kuseri kwa nyumba mpaka dzuwa kupendeka. Palibe anabwera kudzafunsa kumene ndinali, ndipo sindiwaimba mlandu.

Ndine mfulu, ndipo sindinyoza zimenezi. Chitseko ndimatsegula ndekha, madzi ndimatunga pamene ndafuna. Koma ndimabwerera kawirikawiri ku Lachinayi lija. Ndikanasaina tsiku lomwelo, ndikanapeza zomwera zisanaume. Ndinasunga dzina la bambo anga masiku anayi, nkhuku n'kumafa, ndipo pamapeto pake ndinasainabe.

Nditabwerera, m'mawa mwake Lachiwiri, ndinatsuka zomwera zonse ngakhale ziwiri zokha zikanakwana. Lachiwiri ndege imatera 7 koloko isanakwane, kuchokera kum'mawa. Zimenezi sindinafunikire kope kuti ndizidziwe. Ndinatenga tsache, kulowa m'khola, n'kuima pakati pa zotsalazo ndikuimba mluzu. Inadutsa pa nthawi yake. Palibe nkhuku inafa.